Tchuthi cha Maliro Chilipo, Nanga Chodwazika?

M'malo ambiri a ntchito m'dziko muno, maliro sachita kukambirana. Wantchito akalandira uthenga woti mayi ake atisiya, bwana amamumasula tsiku lomwelo, anzake amasonkha chipepeso, ndipo m'makampani ena zinalembedwa ndithu kuti kampani idzagula bokosi ndi kutulutsa galimoto. Zimenezi n'zabwino, ndipo sindikufuna kuti zichepe ngakhale pang'ono. Koma mayi aja asanamwalire anali gone m'chipatala masabata angapo, ndipo nthawi yonseyo mwana wawo analibe pogwira. Anapempha tsiku limodzi, anamupatsa. Anapemphanso lina, anamupatsa nkhope itakwinyika. Kachitatu anachita manyazi, n'kunama kuti wadwala malungo iye mwini. Malo athu a ntchito amadziwa kulemekeza womwalira, koma sanakonze mpata woti munthu asamale m'bale wake akadali ndi moyo.

Anthu ambiri akamva funso loti makolo ndi odwazika matenda amafuna chiyani kwa owalemba ntchito, amayankha msanga kuti ndalama. N'zoona, ndalama zikuperewera pakhomo paliponse. Koma mukakhala pansi ndi mayi woyamwitsa, bambo amene mkazi wake ali m'chikuta, kapena mayi amene akusamala bambo ake ofa ziwalo, chimene chimatuluka kawirikawiri ndi nthawi. Akufuna nthawi yodziwika, yolembedwa, yoti akaitenga asamaoneke ngati achitiridwa chifundo. Chinthu chochita kupempha chimadalira kuti bwana wadzuka bwanji tsiku limenelo, ndiponso ngati iwe ndi iye mumamwerana madzi. Munthu sangakonze za mwana wake kapena za wodwala wake potsamira pa zinthu zotere.

Lamulo lathu silinangokhala chete pa zonse. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. M'boma ndi m'makampani ena amafikitsa miyezi 3. Lamulo lomwelo limati kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ndi woyembekezera ndi mlandu, ndipo pa mndandanda wa zifukwa zimene munthu sayenera kusalidwa nazo pantchito linaikapo udindo wa pabanja. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inaonjezerapo zina: bambo azilandira tchuthi cha masabata 2 mwana akabadwa, nayenso kamodzi pa zaka 3, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa azipeputsiridwa ntchito kapena maola ngati a chipatala alangiza choncho, ndipo woyamwitsa aziloledwa theka la ola kawiri pa tsiku kufikira mwana atakwanitsa miyezi 6.

Papepala zikuoneka ngati zakwana. Vuto limaoneka mukaziika pafupi ndi zimene mayi yemweyo amauzidwa kusikelo. Anamwino amamulangiza, mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6, osampatsa mwana madzi kapena phala. Lamulo la ntchito likumubweza kuntchito mwana ali ndi miyezi 2, mwinanso asanaikwanitse, ngati anayamba tchuthi asanachire. Miyezi 4 yotsalayo ndiyo imayenera kutsekedwa ndi theka la ola lija. Tsono taganizirani mayi wokhala ku Bangwe amene amagwira ntchito ku Ginnery Corner, kapena wa ku Area 25 amene ofesi yake ili ku City Centre. Theka la ola limatha akadali pasiteji kudikira kuti minibasi idzaze. Ufulu umenewu umathandiza amene amakhala pafupi ndi kuntchito, kapena amene ali ndi galimoto, ndipo amenewa ndi ochepa.

Zimene amayi amapempha pamenepa si zazikulu. Ena amati matheka awiri a ola aja aziwaphatikiza likhale ola lathunthu, aziweruka msanga kapena kufika mochedwerapo. Ku Zambia lamulo la ntchito la m'chaka cha 2019 linalemba ndithu kuti mayi angasankhe kawiri mphindi 30 kapena ola limodzi lathunthu, ndipo palibe chimene chingaletse bwana wa kuno kuchita chimodzimodzi. Ena amati pakhale kachipinda kaukhondo, kotseka, kokhala ndi mpando ndi madzi osamba m'manja, komwe angafinyire mkaka wa m'mawere n'kuusunga pozizira, kapena komwe mlezi angabweretse mwana masana. Amayi ambiri lero amachitira zimenezi m'chimbudzi, kapena amangosiya, mawere akuwawa, mkaka n'kuyamba kuchepa. Mkaka wa m'chitini ndi wokwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi malipiro a wantchito wamba, ndipo komwe madzi ndi okayikitsa umabwera ndi matenda otsekula m'mimba. Mwana akadwala, mayi uja ajombabe kuntchito, ndipo bwana ataya masiku ambiri kuposa ola lija.

Palinso mawu aja akuti kamodzi pa zaka 3. Cholinga chake mwina chinali kuteteza olemba ntchito ndi kulimbikitsa kulera. Koma mimba sibwera nthawi zonse pa tsiku limene munthu anakonza. Mayi amene mwana wake anamwalira atangobadwa, n'kuimanso chaka chotsatira, amapezeka kuti lamulo lamusiya panja pa nthawi imene akufunika chisamaliro choposa. Bwana wanzeru sawerenga zaka pa nkhani ngati imeneyi, koma si onse ali otero, ndipo n'chifukwa chake ziyenera kulembedwa.

Funso limene ambiri amalizemba ndi lakuti amalipira ndani. Kuno kwathu malipiro onse a tchuthi cha uchembere amachokera m'thumba la wolemba ntchito. Banki kapena kampani ya mafoni singamve kulemera. Koma mwini saluni wa antchito atatu, mwini golosale, kapena mwini sukulu yaing'ono yoyima payokha amalipira munthu amene palibe, n'kulipiranso wogwirizira. Zotsatira zake timaziona. Mtsikana wongokwatiwa kumene amafunsidwa pa mayeso olowera ntchito ngati akuganiza zokhala ndi mwana posachedwa. Ena amapatsidwa makontirakiti afupiafupi, amene amangosiyidwa osaonjezeredwa mimba ikaonekera, ndipo palibe amene anganene kuti wachotsedwa. Pangano la bungwe la ntchito padziko lonse la ILO la m'chaka cha 2000 linaona msampha umenewu. Limati tchuthi chisachepere masabata 14, ndipo ndalama zake zizichokera m'thumba la onse, la inshuwalansi ya antchito kapena la boma, kuti mtolo usagwere bwana mmodzi. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito, mayi amapuma miyezi 4 ndipo amatapa m'thumba la UIF, lomwe antchito ndi mabwana amasonkhamo mwezi ndi mwezi. Ndalama zake sizifika pa malipiro onse, ndipo anthu amadandaula kuti zimachedwa, koma bwana sakhala ndi chifukwa choopera kulemba mkazi. Ine ndikuona kuti tikangotalikitsa tchuthi osakonza za thumba lotere, amene adzavutike ndi atsikana amene sanalembedwe n'komwe ntchito.

Za abambo ndinena mwachidule. Masabata 2 aja alipo, koma ambiri sawadziwa, ndipo ena owadziwa amaopa kuwatenga. Mwamuna akatchula za tchuthi chimenechi pamakhala wina womufunsa kuti, "Kodi wachira ndi iweyo?" ndipo anthu amaseka. Koma m'tauni masiku ano si banja lililonse limene lili ndi apongozi kapena azakhali oti abwere kudzakhala mwezi. Mayi wochira mwa opareshoni sangatunge madzi, sangachape, sanganyamule mwana wamkulu. A zaumoyo akhala akulimbikitsa abambo kuti aziperekeza akazi awo kusikelo, koma sikelo imachitika m'mawa wa tsiku la ntchito. Chimene abambo akufuna n'chakuti akuluakulu a pantchito ayambe ndiwo kutenga tchuthichi poyera, kuti wamng'ono asamaoneke ngati waulesi.

Gawo limene lamulo lathu silinalikhudze ndi la odwazika, ndipo kwa ine limeneli ndilo lalikulu. Aliyense amene anagonekapo m'bale ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu akudziwa kuti wodwala sakhala yekha. Pamafunika gadiyani womusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, kumuperekeza kuchimbudzi, kuthamangira namwino diripi ikatha, ndi kukagula mankhwala amene m'chipatala mulibe. Anamwino ndi ochepa, ndipo zipatala zathu zimayenda chifukwa cha anthu amenewa, amene amagona pansi m'mbali mwa bedi kapena kukhitchini ya magadiyani. Dziko lonse limadalira ntchito yawo, koma lamulo la ntchito silidziwa kuti ena mwa iwo ali pantchito ina yolembedwa. Limapereka tchuthi chodwala kwa amene wagwira ntchito chaka, masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro, koma chimenecho ndi cha kudwala kwa iwe mwini. Akadwala mwana, mkazi, mwamuna kapena kholo, umadya masiku a tchuthi chako cha pachaka, omwe ndi 15 kapena 18 basi. Akatha amenewo, chotsala ndi kupempha kapena kunama.

Anzathu a m'maiko ena anayambapo. Lamulo la ku Zambia lija limapereka masiku 7 pa chaka olipidwa oti munthu adwazike mkazi kapena mwamuna wake, mwana, kapena wina amene amamudalira, ndi masiku ena 3 a zokhudza chisamaliro, umoyo kapena sukulu ya ana. Ku South Africa alipo masiku 3. Ku Britain, kuyambira mu Epulo 2024, wantchito amene akusamala m'bale wodwala nthawi yaitali ali ndi ufulu wa sabata imodzi pa chaka, ngakhale kuti ndi yosalipidwa. Masiku amenewa ndi ochepa, ndipo sangakwanire matenda aakulu. Phindu lake ndi lakuti wantchito amalowa muofesi ya bwana n'kunena zoona.

Tikamatengera za kwina, pali malo amodzi pomwe tiyenera kusamala, pa funso loti m'bale ndani. Mafomu ambiri a m'makampani amadziwa mkazi mmodzi kapena mwamuna mmodzi, ana obereka wekha owerengeka, mwinanso makolo okubala. Mabanja athu sali choncho. Zaka za mliri wa Edzi zinasiya anthu ambiri akulera ana a achemwali ndi achimwene awo, ndipo ana amenewo ndi awo ndithu, amadya mbale imodzi ndi obereka okha. Pali anthu amene analeredwa ndi agogo kapena amayi aang'ono, ndipo amenewo ndiwo makolo awo. Kumene kuli chikamwini, malume ali ndi udindo pa ana a mlongo wake umene sangauthawe. Onjezerani apa kuti zipatala zazikulu zili m'mizinda. Wodwala akatumizidwa kuchokera ku Nsanje, ku Ntchisi kapena ku Chitipa, amafikira kwa m'bale amene ali pantchito m'tauni, ndipo m'bale ameneyo ndiye amadziwa njira, ndiye amalankhula ndi adokotala, ndiye amapereka thiransipoti. Fomu yonena kuti azakhali si m'bale wapafupi imakakamiza munthu woona mtima kuwasandutsa mayi ake papepala.

Matenda nawonso asintha. Kale kudwazika kunali kwa sabata imodzi kapena ziwiri, wodwala n'kuchira kapena kumwalira. Lero tili ndi makolo odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ofa ziwalo, odwala khansa, ofunika kutsukidwa impso pamakina kangapo pa sabata, okalamba amene ayamba kuiwala. Tili ndi ana olumala ofunika mafizo mwezi ndi mwezi, ana a khunyu, abale odwala matenda a maganizo. Osamala anthu otere safuna mwezi wathunthu. Amafuna m'mawa umodzi pa tsiku la kiliniki, kwa zaka zambiri. Akufuna kuloledwa kudula tchuthi chawo m'matheka a tsiku, kubweza maola tsiku lina, kapena kusinthana shifiti ndi mnzawo popanda kuyamba kulemba makalata. Akufunanso chinsinsi. Munthu amene amaperekeza mwana kukatenga ma ARV sayenera kufotokozera ofesi yonse kumene akupita, ndipo zimene wauza bwana siziyenera kumveka kukantini.

Kudziwiratu nthawi ndi pempho lina limene silitchulidwa mokwanira. Alonda, anamwino, ogulitsa m'masitolo, a m'mahotela ndi othira mafuta m'magalimoto amagwira ntchito mosinthana, ndipo ambiri amadziwa za shifiti yawo kutatsala tsiku limodzi. Mayi amene alibe mwamuna pakhomo, akauzidwa masana kuti agwira usiku, ana awasiya ndi ndani? M'maofesi namo muli chizolowezi choitanitsa msonkhano nthawi yoweruka itayandikira, kapena kutumiza munthu kumsonkhano wa ku Mangochi kapena ku Salima mawa lake. Amene ali ndi wina kunyumba womusungira zonse saona vuto, ndipo kawirikawiri ameneyo ndiye ali pampando. Kupachika ndandanda ya shifiti masabata awiri isanayambe sikufuna ndalama iliyonse. Kulipira pa tsiku lake nakonso ndi mbali ya nkhani yomweyi, chifukwa malipiro akachedwa mlezi amachoka, mwana amabwezedwa kusukulu, mankhwala a agogo amadukiza.

M'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, maofesi ena anayesa zogwirira ntchito kunyumba, ndipo ena anaona kuti ntchito ikuyenda. Kwa amene ntchito yawo ndi ya pakompyuta, tsiku limodzi kapena awiri pa sabata angathandize, bola magetsi akhalepo ndipo bwana agule bandulo ya intaneti. Koma tisanamizane kuti yankho ndi limeneli. Wothyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, wodula nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, wonyamula mabelo a fodya ku Kanengo sangagwirire ntchito kunyumba. Ambiri mwa iwo ndi a nyengo chabe, ndipo amaopa kuti akajomba sadzaitanidwanso nyengo ikubwerayo. Kwa iwo chofunika ndi malo osungira ana pafupi ndi munda kapena fakitale, ndi chitsimikizo choti kudwazika mwana sikuwachotsa m'kaundula.

Malo osungira anawo ndi osowa. Sukulu za mkombaphala za m'madera zimalandira makamaka ana a zaka 3 mpaka 5, zimaweruka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo alezi ake ambiri ndi ongodzipereka. Mwana wa miyezi 3 mpaka zaka 2 alibe kopita, kupatula malo olipira amene wantchito wamba sangawakwanitse. Ndiye mabanja a m'tauni amatenga wantchito wapakhomo, ndipo apa nkhani imatitembenukira ife amene timadandaula za mabwana athu, pakuti kunyumba mabwana ndife. Mayi amene amafika m'mamawa kuchokera ku Mtandire kapena ku Mbayani kudzalera ana athu wasiya ake ndi mwana mnzawo wa zaka 10. Lamulo la ntchito limamukhudza iyenso. Akaima, ali ndi ufulu wa masabata 8 aja, koma m'makomo ambiri amangouzidwa kuti apite akapume, n'kulemba wina. Mwana wake akatentha thupi amaopa kunena. Zimene tikupempha kuofesi n'zomwezo zimene iye akupempha kwa ife, ndipo ife tilibe komiti yoti tiyambe taifunsa.

Tikumbukirenso kuti olembedwa ntchito mwadongosolo ndi ochepa. Kafukufuku wa boma wa za ntchito wa m'chaka cha 2013 anapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse ogwira ntchito ali m'ntchito zosalembetsedwa. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe mwana ali kumsana alibe bwana womupatsa tchuthi. Koma amalipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, ndipo sikungakhale kupempha kopitirira kuti khonsolo ipatule malo amthunzi, okhala ndi madzi ndi chimbudzi, pomwe ana angakhale.

Olemba ntchito ali ndi nkhawa zawo, ndipo zina n'zomveka. Amati anthu adzanamizira matenda, monga ena amanamizira maliro. Amati pamalo pa antchito asanu, mmodzi akachoka ntchito imaima. Amatinso opanda ana amatopa kugwirira anzawo. Pa za bodza, ine ndikuona kuti bodza limachuluka pamene njira yoona yatsekedwa. Masiku akakhala owerengeka ndi olembedwa, ndipo umboni wake ndi kalata ya kuchipatala kapena buku la wodwala, bwana amadziwa chimene akupereka ndipo angakonzekere. Pa za opanda ana, tchuthi chodwazika n'chimene chimawaphatikiza, chifukwa ngakhale amene sanabereke ali ndi makolo. Ndipo pali mtengo umene mabwana sauwerengera: namwino, mphunzitsi kapena kalaliki wodziwa ntchito akasiya chifukwa chosowa mpata, kuphunzitsa wina kumatenga miyezi.

Chimene chimapweteka antchito ambiri, makamaka amayi, ndi chilango chosaoneka. Palibe amene amakuchotsa, koma maphunziro akatuluka dzina lako silikhalapo, chifukwa wina anakuganizira kuti uli ndi mwana wamng'ono sungapite, osakufunsa. Mpando ukapezeka amati ndiwe wosadalirika. Munthu angadandaule kuofesi ya zantchito kapena kubwalo la milandu ya zantchito, koma milandu imatenga nthawi, ndipo ndi ochepa amene angasumire bwana amene akumuonabe m'mawa uliwonse. N'chifukwa chake zambiri zimathera m'manja mwa kapitawo kapena mkulu wa nthambi. Kampani ingakhale ndi malamulo abwino m'buku, koma ngati akapitawo sanaphunzitsidwe, wantchito wa pansi sadzawaona.

Boma, bungwe la mabungwe a antchito la MCTU ndi la olemba ntchito la ECAM amakhalira pamodzi pokambirana za malamulo a ntchito, ndipo nkhani ziwiri zikuyenera kufika patebulo pawo: masiku odwazika olipidwa, ndi thumba la onse lolipirira tchuthi cha uchembere. Zimenezo zidzatenga nthawi. Koma kampani, sukulu, mpingo kapena bungwe lililonse lingalembe lero m'malamulo ake a ntchito masiku angapo odwazika, ololedwa kudulidwa m'matheka. Za vuto loti m'bale ndani, njira yake ndi yapafupi: kumayambiriro kwa chaka wantchito aliyense alembetse mayina a anthu amene akuwasamala, kaya ndi mwana wa malemu achemwali ake kaya ndi agogo amene anamulera, ndipo zinthu zikasintha pakhomo apite akasinthe mayinawo.